Zimene a Mawa Anasiya Osamata

Lolemba, 6 Okutobala

Andigoneka m'wodi ya amayi othyoka mafupa, bedi loyang'anizana ndi khomo, kuti aliyense wodutsa azindiona ngati katundu wa pamsika. Lathyoka ndi fupa la m'chiuno, mbali ya kumanzere. Dokotala wake ndi kamnyamata koti ndevu sizinaganize n'komwe zomera. Wakweza chithunzi cha ekisire pawindo, ati onani apa agogo. Ndamuuza kuti sindikufunika kuona, ndikumva.

Kope ili wabweretsa ndi mwana wanga woyamba, amene ndimamutcha Tayi chifukwa ngakhale kokagula tomato amapita atamanga pakhosi. Akuti mwezi wamawa bambo ake akwanitsa chaka ali m'manda, abale adzasonkhana, ndiye poti ndangogona ndilembemo zabwino zimene ndikukumbukira za malemu kuti adzawerenge pagulu. Masamba ake ndi ambiri. Zabwinozo zikwana pachikuto, kotsalako ndizilembako zanga. Sukulu sindinapite nayo patali, wofuna zilembo zowongoka akagule nyuzipepala.

Ndinagwa dzulo m'mawa. Ndinakwera pampando kuti nditsitse ndodo zowedzera nsomba zimene zakhala pamwamba pa kabati chimwalirireni mwini wake, zikungosunga akangaude. Mpando unangoti phwasu, miyendo uku ndi uku, ine pasimenti khu. Foni inali m'thumba la epuloni, nayonso yatha. Tayi akuti mukanazisiya ndodo za bambo si bwenzi muli pano. Ndiye kuti wandigwetsa ndi mzimu, osati mpando.

Jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo. Diripi kudzanja lamanzere. Magazi akuthamanga kwambiri, ati opareshoni idikire.

Lachiwiri, 7

Kuno amadzutsa munthu kuti amufunse ngati wagona bwino. Kenako kagalasi kukhwapa, lamba pamkono, tiyi woti ukuona pansi pa kapu, ndi kagawo ka buledi koonekera dzuwa.

Kumanja kwanga kuli amayi ena amene anali aphunzitsi, awaika bondo lachitsulo. Amalankhula ngati tonse tachedwa kulowa m'kalasi. Atamva kuti ndine mkazi wa a Kalipentala aja anagwira pamtima. Ati anawapangira kabati ataangokwatiwa, mpaka lero chitseko chake sichilira. Ati munali ndi mwayi, mayi. Ndati eya, mwayi wokhala m'nyumba ya kalipentala momwe chitseko cha kuchimbudzi tinkachitseka ndi mwala.

Anthu ankawatcha a Kalipentala, ine ndinkawatcha a Mawa. Shelefu ya kukhitchini, mawa. Windo lolowetsa mvula, mawa. Koma wina angoti kumtsinje nsomba zikudya, kapena kuphiri kwaoneka njuchi, pamenepo panalibe mawa, nsapato zinali kale kumapazi. Atapuma ntchito ndinkati tsopano ndiziwaona pakhomo. Ndinkangoona nkhongo ikutuluka pageti, tenti kumsana ngati kamba. Amuna a anzanga ankasowa pakhomo chifukwa cha akazi, wanga ankandisiya n'kupita kwa udzudzu ndi minga. Sindidziwa chonyozetsa kwambiri n'chiti.

Anafera konko, m'mbali mwa mtsinje, atatsamira mtengo, ndodo ili m'manja. Pamaliro anthu ankati imfa yokoma bwanji. Ine ndinali nditawaphikira, mbale inakhala pathebulo mpaka madzulo.

Lachitatu, 8

Magazi atsika. Opareshoni mawa.

Tayi wabwera ndi malalanje owawasa ndi nkhani yoti mpando uja sunathyoke ayi. Akuti miyendo inangozuka, wayibwezera m'mabowo ndi chibakera, wakhalanso bwinobwino. Amanena monyadira, kuti ndidziwe kuti za bambo ake sizifa, wolemera ndine.

Ndinamufunsa ngati nsonga za miyendoyo zinatuluka zoyera kapena zong'ambika. Ati zoyera ngati zapalidwa lero. Pamenepo lalanje ndinaliika pambali.

Ndakalamba ndi utuchi m'tsitsi, ndikudziwa. Chinthu chomata ndi guluu chikamazuka chimang'amba thabwa. Chotuluka choyera ndiye kuti guluu sichinamuone. A Mawa anali ndi kachitidwe kawokawo. Akasema chinthu ankachilumikiza chouma, osamata, n'kuchiimika pakona ya shedi masabata angapo, ati matabwa ayambe adziwana. Kenako ankachigumula ndi hamala yamtengo, n'kumata. Tsiku lomata linkafuna anthu awiri, ndipo wachiwiriyo ndinali ine, wogwirizira, manja nyatanyata, popanda ngakhale zikomo. Miyezi yawo yomaliza ija sanandiitane kukagwirizira chilichonse.

Mpando uja Tayi anautenga m'shedi maliro atatha, pamodzi ndi zina zimene anapeza zitaima pakona, ati zikhale chikumbutso. Ine mpando. Iye shelefu, igwe imeneyo, ili ndi mabuku osawerenga. Koma panalinso kabedi ka mwana, kamene a Mawa ankapangira mdzukulu wathu, mwana wa Tayi yemweyu, ali woyembekezera. Tayi anakatumiza pa lole kutauni yakutali kumene mwana wakeyo anakwatiwa. Mwanayo anabadwa, wamwamuna, tsopano ali ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo amagona momwemo. Kabediko n'kamiyendo itali, kofika m'chiuno mwa munthu wamkulu, pansi pake simenti.

Ndamuuza Tayi kuti aimbe lero lomwe amuchotsemo mwana. Wayang'ana diripi, wayang'ana ine, ati Amayi pumulani. Akuti kabedi kakhala nthawi yonseyi osagwedera. Ndati mpandonso unakhala. Nthawi ya mvula matabwa amafufuma n'kugwirana, kutentha kunoku auma, akusiyana. Ati bambo sanapangepo chinthu chogwetsa munthu. Ndamuloza chiuno changa. Watenga makiyi a galimoto n'kupita.

Ndinabereka munthu wovala bwino, basi.

Lachinayi, 9

Osadya, osamwa. Andiveka chinsalu chotsegula kumbuyo, chopangidwa ndi munthu amene alibe amake. Ndauza nesi wina wamtali za kabedi, wati tikambirana mukadzuka.

Ngati sindidzuka, wopeza kopeli auze mdzukulu wanga. Kabedi n'kosamata. Achotsemo mwana.

Loweruka, 11

Ndadzuka. Andiika chitsulo m'fupa ndi misomali itatu. A Mawa akanamva akanalavula, ankati msomali ndi wa anthu aulesi. Akapaipi paliponse, wina wolowetsa madzi, wina wotulutsa. Mapiritsi oyera awiri, lofiira limodzi, jakisoni wa pamimba woti magazi asaundane.

Dzulo sindinalembe chifukwa akuti ndinali kwina. Aphunzitsi akuti ndinkakalipira munthu woima kumiyendo kwa bedi kuti avule nsapato zamatope asanalowe m'nyumba mwanga. Panalibe munthu. Tsoka lake Tayi analipo, anamva zonse, ndipo wathamangira kwa dokotala kuti mutu wa Amayi wasokonekera. Kamnyamata kaja kabwera kudzandifunsa kuti lero ndi lachingati, muli kuti pano, ana anu ndi angati. Ndayankha zonse, ndawonjeza kuti kolala yake yapindika. Kalemba kanthu papepala osandionetsa.

Tsopano nkhani ya kabedi yaikidwa mumtanga umodzi ndi nsapato zamatope. Ndikangoitchula, Tayi amandisisita dzanja ngati mphaka.

Lamulungu, 12

Tsiku la alendo. Wodi yadzaza ndi anthu onunkhira mafuta, obwera kudzaonetsa nsapato. Andibweretsera mpunga, nthochi, mazira owiritsa mpaka kubiriwira.

Kwabwera ndi mkulu wina, mnzawo wa a Mawa wa kumtsinje, amene ana ankamutcha a Nyambo chifukwa m'thumba mwawo simunkasowa nyongolotsi. Ndinati uyu ndiye mboni yanga, wakhala m'shedi muja kambirimbiri. Ndinaiwala kuti makutu anatha. Ndikuti kabedi, iwo akuti eya, ankagona pathanthwe osadandaula. Andifotokozera za nsomba imene anagwira awiriwo chaka cha chigumula. Tsiku limenelo ndinaiphika ndine, inakwana m'poto wa tiyi. Lero yafika kuchokera pabedi langa mpaka kwa aphunzitsi. Nditakuwa kuti anasiya zinthu osamata, anamva, n'kupukusa mutu. Ati amene uja sankasiya ntchito ya theka. Ndati bwerani mudzaone denga la khitchini yanga. Aseka, apukuta misozi, ati mayi inu simusintha.

Onse akukumbukira munthu wofatsa, wophunzitsa ana mayina a mbalame, wokonzera amasiye zitseko kwaulere. Zoona zimenezo. Wofatsa amakhala wokoma kwa amene sakudikira kanthu kwa iye.

Mpongozi wanga, mkazi wa Tayi, ndi munthu woti ngakhale kuyetsemula amayamba wayang'ana mwamuna wake. Koma lero, Tayi atatuluka kukalankhula ndi nesi, wawerama ngati akukonza bulangete la aphunzitsi n'kuwalembera nambala ya mwana wake m'foni. Mwina muli munthu m'kati muja.

Lolemba, 13

Achotsa kapaipi kamodzi. Andikhazika m'mphepete mwa bedi, dziko linazungulira.

Ndaimba pafoni ya aphunzitsi. Mdzukulu wangayu timamutcha Kamthunzi, chifukwa chiyambire kuyenda ankatsatira agogo ake aamuna paliponse. Kuthengo ali pambuyo, kumtsinje ali pambuyo, kubwera kunyumba tsitsi lili ndi zisoso, miyendo zilonda zokhazokha, wochapa ndi wopaka mankhwala n'kukhala ine. Kumanga mbedza anadziwa asanadziwe kumanga nsapato.

Anayamba bwino, kufunsa za chiuno. Kenako mosangalala ati kamnyamata kayamba kuimirira, kamagwira timitengo ta kabedi n'kumagwedeza ngati mkaidi. Mtima wanga unachoka. Ndinati chotsamo mwanayo, agogo ako anakusiyira msampha, chinthu chosatha ngati zonse zimene ankagwira, anathawira ku nsomba ntchito ili pakati monga mwa masiku onse.

Iye ati adadi anandiuza kale kuti mukuyankhula zosokonekera. Ndati adadi akowo sadziwa kusiyanitsa thabwa ndi buledi. Pamenepo mawu ake anasintha.

"Agogo, munawanyoza ali moyo, tinkangokhala chete. Chinthu chimodzi chokha chimene anandisiyira, nachonso mukufuna muchinyoze? Asiyeni agone."

Foni thi.

Aphunzitsi anailandira osandiyang'ana. Wodi yonse inamva, mpaka mayi wa pakona amene amanamizira kugona nthawi ya mafizo, yophunzitsa odwala kuyenda.

Lachiwiri, 14

Ndinalengeza m'mawa kuti sindidya mpaka wina akaone kabedi. Nesi wamtali anati chabwino, n'kusiya mbale pomwepo. Pofika masana ndinali nditadya, ndi nthochi ya aphunzitsi yomwe. Njala ilibe mfundo.

Mtsikana wa mafizo wabwera ndi chitsulo chamiyendo inayi choyendera. Amamwetulira ngati akugulitsa sopo. Ati phazi limodzi agogo, mwachita bwino agogo. Ndaima, ndatuluka thukuta, ndakhala. Ati mawa tifika pakhomo. Mawu akuti mawa ndawamva mokwanira pamoyo wanga.

Madzulo aphunzitsi anandiyamba. Ati mayi, munthu akabwera ndi mwala m'manja, ngakhale akunena zoona, anthu amayang'ana mwalawo. Ndati sungani zimenezo mukauze ana a sukulu. Sanakhumudwe, anthu a choko khungu lawo n'lolimba. Anangofunsa ngati munthu wofuna kudziwa, kuti nanga chinthu chopanda guluu, chopanda msomali, chinyamulidwe pa lole, chigonedwe miyezi yonseyi, chimaima bwanji?

Ndinawayankha mokalipa kuti chifukwa munthu uja akaboola bowo n'kusema nsonga yake, ziwirizo zinkalowana moti ngakhale tsitsi silingapite pakati. Ankayeza ndi chala, maso atatsinzina, n'kupala kamodzi kokha, kanyenyeswa kopyapyala ngati khungu la anyezi. Polowetsa zinkalira ngati watsegula botolo. Za akalipentala ena zikanagwa tsiku lomwelo pokweza pa lole, aliyense n'kudziwa. Zake zinanamiza anthu chaka chathunthu.

Aphunzitsi anati ndiye mumuuze zimenezo mwanayo. Ndinatembenukira kukhoma, ngakhale kutembenuka kumapweteka.

Lachitatu, 15

Thupi latentha. Bala lafiira m'mbali, asintha mankhwala, tsopano akudutsa m'diripi. Mafizo ayi.

Wina wagwetsa thireyi pakhonde. Ndinakuwa, m'mutu muli kabedi kaja. Nesi anathamanga kuganiza kuti ndi chiuno.

Kamwanako ndinakaona kamodzi kokha, kali ndi mwezi. Makutu ngati a a Mawa, otambalala ngati zogwirira poto.

Tayi sanabwere. Watumiza malalanje.

Lachinayi, 16

Kutentha kwatsika. Ndadya phala lonse.

Ndapempha foni. Aphunzitsi anachita kundiimbira okha n'kuyamba kulankhula ndi Kamthunzi, mwaulemu wa kusukulu, kuti mwanayo asadule. Kenako anandipatsa n'kukhala tcheru ngati akuyembekeza ndakatulo.

Ndinali nditakonza mawu, koma poyambira panasowa. Kuyamikira munthu amene unazolowera kumukalipira kuli ngati kuyenda ndi chiuno chatsopanochi, phazi silidziwa poponda.

Ndinati, "Kamthunzi, usadule. Sindinena zoipa. Agogo ako anali mmisiri woti m'dera lonse munalibe wofanana naye. Ndikunena ine, amene sindinawauzepo. Kabedi kako kaima mpaka lero chifukwa anakasema ndi iwo. Akanakhala wina, kakanagwa kalekale."

Ndinkamva kupuma kwake, ndi kamwana kakulira chapatali.

Ndinamufunsa ngati akukumbuka pakona ya shedi, kuseri kwa chitseko, pamene ankamuletsa kukwera zinthu ali wamng'ono. Anati eya, mwakachetechete. Ndinafunsa kuti ankati chifukwa chiyani. Anati ankati musazisokoneze, zikudziwana. Ndinati funsa adadi ako kuti kabediko anakapeza pati.

Anati, "Agogo, mwina anamata osakuuzani."

Ndinati mwina. Mawu amenewo anandiwawa kuposa bala. Ndinati ngati anamata, palibe chimene utaye, undinene kuti ndine nkhalamba yamwano, ndivomera pamaso pa wodi yonse. Koma yamba wamuika mwana pansi, patali. Uchotse matiresi. Ugwire thabwa la pamwamba la mbali imodzi, umenye ndi chikhatho kuchokera m'kati, pafupi ndi mwendo. Chomata sichimva chikhatho cha mkazi.

Anati andiimbiranso, n'kudula.

Nthawi ya chakudya inakwana, sindinaone chimene chinali m'mbale. Mtsikana wa mafizo anabwera, ndinamuuza kuti akagulitse sopo wake kwina. Aphunzitsi anaika foni pamimba pawo, tonse awiri tikuiyang'ana ngati mphika wosawira. Mayi wa pakona anasiya kunamizira tulo. Ngakhale nesi wamtali ankadutsadutsa popanda chifukwa.

Inalira dzuwa litapendeka. Kamthunzi ankalira moti mawu sankamveka, ndinaganiza zoopsa, ndinakuwa kuti mwana ali kuti. Ati ali pamphasa, akuseka. Akuti anamenya kamodzi, osati mwamphamvu. Mbali yonse inatsalira m'manja mwake, thabwa la pansi pogona mwana linagwa pasimenti, miyendo n'kugwera uku ndi uku. Nsonga zonse zoyera. Pa imodzi pali chizindikiro cha pensulo cha agogo ake, chosonyeza mbali yoyang'ana kumwamba.

Ankangobwereza kuti anagonamo masana omwe ano, anagonamo masana omwe ano. Ndinamuuza kuti asiye kulira, akamunyamule mwanayo, akulira opanda chifukwa ndi ambiri kale m'banja muno. Ndinabweza foni. Aphunzitsi anayamba kutsegula pakamwa, ndinawauza kuti akangonena kuti ndinakuuzani, ndiwaponyera kapu.

Lachisanu, 17

Bala lauma m'mbali. Achotsa diripi. Ndayenda ndi chitsulo chija mpaka pasinki n'kubwerera, ndikutukwana chamumtima njira yonse.

Tayi wabwera m'mawa, nthawi ya alendo isanakwane, anachita kupempha pakhomo. Anakhala pampando wa pambali, akuyang'ana manja ake. Kenako anati, Amayi, ndikanapha mdzukulu wanga ndi manja angawa. Ndinali nditamusungira mawu okwana thumba. Ndangogwiritsa theka, enawo adikire achire kaye. Ndamuuza kuti kukonda bambo ako sikutanthauza kuwasandutsa mngelo, anali munthu wa manja abwino ndi miyendo yosakhazikika, ndipo ukanalowa m'shedi muja kamodzi kokha ali moyo m'malo moopa fumbi pa thalauza, ukanadziwa pakona paja. Wavomera. Wafunsa ngati ndikufuna kanthu. Ndati malalanje okoma, ngati m'dziko muno alimo.

A Mawa inu, mwagona bwino kumeneko, anthu akukutamani. Nanenso mwandiyankhulitsa zokutamani, pafoni ya eni, wodi yonse ikumva. Zinali zoona, koma musazolowere. Tsiku lija mukanangoti mayi, tiyeni tigwirizire, nsomba zikanakudikirani.

Kamthunzi waimbanso madzulo. Matabwa wawamanga pamodzi ndi chingwe, wawaika pamwamba pa kabati. Mwana wamuyalira matiresi pansi, pafupi ndi bedi lawo. Akudandaula kuti sizikuoneka bwino alendo akabwera. Ndamuuza kuti alendowo azikagona kwawo. Pansi sipagwetsa munthu.